Thabwa la Batala la Filomena

Anthu onse anadya pa thabwa limodzi, nanga bwanji wadwala ndi mwana yekha? Anafunsa choncho ndi namwino wa pachipatala cha ku Mua. Nkhaniyi inayamba motere.

Ku Golomoti kunali mayi wina dzina lake Filomena. Mwamuna wake, Dismas, ankalima thonje, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamng'ono, Sharon. Linafika Lamlungu loti mapemphero a mphakati achitikire pakhomo pawo. Kumeneko mwini nyumba amapereka tiyi ndi kena kake kotsitsira, kawirikawiri mbatata kapena zitumbuwa. Filomena sanafune zimenezo. Anali ataona pafoni akazi akunja akupaka batala pa thabwa, kuwazapo adyo ndi masamba onunkhira, alendo n'kumasunsa ndi buledi. Anati nayenso apanga zomwezo, anthu akasimbe.

Batala anaitanitsa ku Salima. Adyo, anyezi wamasamba, ndimu ndi uchi anazipeza pamsika. Chinasowa ndi thabwa. Kuseri kwa nyumba anapeza thabwa la mlombwa, losalala bwino, n'kuyamba kulitsuka.

Mlamu wake Ellen, mlongo wa Dismas, anamupeza akukwecha. Anamuuza kuti alisiye, popeza achimwene amaikapo mabotolo akamasungunula mankhwala opopera thonje, ndipo mankhwalawo atayikirapo kambirimbiri. Anati abweretsa thireyi yake yachitsulo.

"Thireyi ya maluwa ofiira ija, alamu? Pafoni sanaike pa thireyi," anatero Filomena. "Ndatsuka ndi sopo, ndatsukanso ndi phulusa. Nunkhizani."

Ellen ananunkhiza. Linkamveka sopo yekhayekha. Anangoti mtengo umamwa zinthu, kenako anabwerera kwawo. Dismas anali atapita kumaliro ku Mtakataka, choncho sanaone kanthu.

Mapemphero atatha, Filomena anatulutsa thabwa lija. Batala analipaka mokongola ndi kumsana kwa supuni, pamwamba pali zobiriwira, uchi ukutsetsereka. Alendo anayamikira. Mayi Gladys, msungichuma wa mphakati, anafunsa moseka ngati mbale zatha m'nyumba muno. Aliyense anagunditsa buledi pamwamba pang'ono chabe, monga amachitira munthu pa chakudya chachilendo pamaso pa anzake, n'kubwerera ku tiyi wake.

Unali mwezi wa Okutobala. Mukudziwa mmene Golomoti amatenthera. Pomwe alendo ankatsanzikana, batala linali litasungunuka n'kukhala mafuta, litalowa m'mizere ya thabwa. Ndipo monga zimakhalira pakhomo paliponse, zotsala za alendo ndi za mwana. Filomena akuperekeza anthu kumsewu, Sharon anakhala pakhonde ndi thabwa pamiyendo, akukombeza ndi buledi. Buledi atatha anagwiritsa chala. Kenako lilime.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni mwana anayamba kusanza. Dovu linkangotuluka, thukuta thupi lonse, kupuma kwake kukumveka ngati m'chifuwa muli madzi. Dismas anali atangofika kumene. Anaitana njinga yamoto, Filomena n'kukwerapo ndi mwana, ena n'kutsatira pa minibasi.

Apa ndi pomwe namwino anafunsa funso lija. Anafotokoza kuti mwana akuoneka ngati wamwa poizoni, koma anafunika kudziwa mtundu wake msanga kuti asamupatse mankhwala olakwika. Dismas anati mabotolo ake onse a mankhwala ndi okhomeredwa m'bokosi, kiyi ali m'thumba mwake. Mayi Gladys anati mwina batala linali lowonongeka, koma iwo anadya ndipo ali bwinobwino. Wina anayamba kunong'ona za anthu ansanje. Ellen sanali pamenepo, anali adakali m'njira.

Filomena ankadziwa. Anadziwira panjinga pomwe, mutu wa mwana uli pachifuwa pake, pomwe anamva kafungo kamene amakamva pa malaya a mwamuna wake akachokera kopopera. Kunena kunali kuvomera pamaso pa mwamuna wake ndi pa mphakati wonse kuti anachenjezedwa koma sanamve, ndiponso kuti anadyetsa alendo pa thabwa la mankhwala. Anayang'ana Sharon. Milomo ya mwana inali itayamba kuda.

"Ndi thabwa, anesi," anatero. "Thabwa losungunulirapo mankhwala a thonje. Alamu anandiletsa. Mwanayu ndiye wanyambita pansi penipeni."

Namwino sanamukalipire, analibe nthawi. Anafunsa Dismas dzina la mankhwalawo, Dismas analitchula, ndipo namwinoyo anathamanga naye mwana kukamubaya jakisoni. Alendo onse amene analawa anauzidwa kuti asachoke msanga, awaone kaye. Palibe wina anadwala.

Sharon anagonekedwa masiku angapo, ndipo anachira. Dismas analikwirira thabwa lija m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Ellen anabweretsa thireyi ya maluwa ofiira n'kuisiya pakhomo, ndipo ilipobe mpaka lero.

Tsiku lotuluka m'chipatala, ali kumsana kwa mayi ake, Sharon anafunsa kuti, "Amayi, chokoma chija mudzapanganso liti?" Filomena anangomangitsa chitenje.

Phunziro: Chinthu chimene chinakhudzapo mankhwala a kumunda, kaya ndi thabwa, chigubu kapena ndowa, chisayandikirenso chakudya, ngakhale mutachitsuka motani. Zimene timaona pafoni sizitiuza kumene thabwa lawo linachokera. Ndipo kumbukirani kuti wamkulu amalawa pamwamba, wokombeza pansi ndi mwana. Inenso ndili ndi wamng'ono pakhomo. Chonde, musanaike foniyi pansi, tumizirani kholo limodzi lomwe mukulidziwa, kenako zungulirani kuseri kwa nyumba mukaone zimene zili kumeneko.