Ufa wa pa Mzere Wachikasu

Kamuvi ka pa geji ya ng'anjo kanakananso kutsika. A Kou Jianshe anakagogoda ndi chala, kenaka ndi sipanala, koma kanangoima pomwepo ngati kakuwaseka.

"Tsika, galu iwe," anatero akukukuta mano.

Pa fakitale yaing'onoyi ya ufa wa titaniyamu, mumzinda wa Baoji, panalibe chinthu chokalamba kuposa ng'anjoyo, ndipo wodziwa matenda ake anali a Kou okha. Titaniyamu ndi chitsulo chouma mutu, sichilola kuperedwa. Anzawo a m'chipinda china ankayamba achimwetsa mpweya wa haidrojeni kuti chifooke, n'kuchipera kukhala ufa. A Kou ankalandira ufawo, kuutsekera m'ng'anjo ndi kuutentha, pampu n'kumakoka mpweya uja mpaka utheretu. Ukatsalira, chilichonse chopangidwa ndi ufawo chimathyoka ngati bisiketi. Kamuvi kakatsika, ndiye kuti mpweya watha.

Lamulo la pamalopo linali lakale. Mgolo uliwonse woikidwa mkati mwa mzere wachikasu wa pakhomo pa ng'anjo unali wa a Kou kuti autenthe. Panalibe zofunsana, ndipo mkuluyu sankakonda kufunsa kapena kufunsidwa.

Chaka chimenechi zinthu zinkawayendera mokhota. Kawiri konse ogula anabweza ufa wawo ati mpweya udakalimo. Bwana Qu, mwana wa mwini fakitale, yemwe a Kou anamuona akukwawa, anawaitanira pambali asananyamuke ulendo wokasaka ogula atsopano.

"Madala, zikachitikanso, ng'anjoyi ndigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Nanga inu muzidzawotcha chiyani?"

A Kou anamva zomwe mnyamatayo sananene. Munthu wa imvi, woyembekeza kupuma ntchito ndi ulemu, kuonetsedwa msana wa njira chifukwa cha mpweya wosaoneka ndi maso! Zinawawawa mpaka mumtima. Ndiye atapeza migolo yatsopano pa mzere, bwana atachoka, anailumbirira kuti ulendo uno aona amene ali wamkulu.

Koma wamkulu anali kamuvi.

Masana kunatulukira mayi Dang Xiuqin, woyeza ufa ku labu, atanyamula mabanzi a nthunzi.

"Mukadali pompano, achimwene? Akazi anu ayamba kunena kuti mwakwatira mitala."

"Bola akazi anga, akakwiya amanena chavuta. Chinthu ichi chimangoti duu."

"Si muonjezere moto?"

"Kuti ufa ugwirane usanduke njerwa? Pitani muzikayeza zanu uko, achemwali."

Mayi Dang anasiya mabanziwo pa tebulo n'kuchoka akuseka. A Kou sanaseke nawo. Kuonjezera moto kunali kuwononga ufa, kuchepetsa kunali kusiya mpweya, ndipo kudikira kunkawadya chiwindi. Kwawo kunali phwando la mdzukulu wokwanitsa mwezi. Anatumiza uthenga kuti anthu azidya, iwo abwera, koma sanapite.

Mawa lake zinawakwana. Anatseka valavu, anavula jekete, n'kukwawira kuseri kwa ng'anjo kumene ngakhale amphaka ankakunyanyala. Anapapasa paipi iliyonse, fumbi lili thoo m'maso, mkono n'kupsa pa chitsulo. Anatukwana ng'anjo, anatukwana amene anaipanga, anatukwana ndi bwana yemwe. Potsiriza anakapeza: kalabala kong'ambika pa mfundo ya paipi yopita ku pampu, kakang'ono kosakwana ndi chikhadabo. Pamenepo ndi pomwe mphepo yakunja inkalowera mwakuba.

Anaikapo katsopano, n'kutsegula valavu. Kamuvi kanagwedera, kanaganiza kaye, kenaka kanayamba kutsika.

Ngakhale apo sanapupulume. Anadikira ng'anjo izizire, n'kumalowetsamo mphepo pang'onopang'ono, poti ufa umenewu ukaudzidzimutsa umabuka moto. Kuthamanga si kufika. Atatsegula chitseko anapeza ufa wotuwa bwino, woyoyoka, wopanda chibuma n'chimodzi chomwe. Anatapa pang'ono n'kupatsira mayi Dang, iwo n'kutsala akuzungulirazungulira ngati bambo wodikira kuchipatala cha amayi.

Mayi Dang anabwerera akuthamanga.

"Mpweya mulibe! Achimwene, mulibiretu! Ndayeza kawiri kuopa kuti makina akunama. Chiyambireni ntchito sindinaonepo ufa woyera chonchi."

A Kou anakhala pansi. Anakondwa mpaka misozi inalengeza, ndipo anasisita ng'anjo ija yomwe dzulo lake ankaitukwana. Kenaka anabwezera ufa m'migolo, anasamba kumaso, n'kuvala jekete yochapa.

Lole inaima panja. Bwana Qu analowa ndi mlendo wovala suti, akumulankhula mwaulemu wosazolowereka. A Kou sanadikire kuitanidwa. Anaima pambali pa migolo, chifuwa chili patsogolo.

"Bwana, ufa wanu uwu. Mpweya ndatulutsa wonse, simupezamo ngakhale fungo lake. Ng'anjo ija mumati mugulitsayi."

Bwana Qu anayang'ana migolo, n'kuyang'ana a Kou, nkhope yake ikuchita mdima.

"Migolo iyi? Imene ndinangoti isungidwe apa poti kosungira katundu kwadzaza?"

Mlendo uja anatsokomola pang'ono. "Pepani, madala. Ife ufa umenewu timatupitsira aluminiyamu, monga yisiti mu buledi. Chimene tabwera kudzagula ndi mpweya womwewo."