Zatheka ndi kawaya ka m'mutu

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba, amene anzake ankamutcha Zatheka. Akathira silabu lero, mkuja wachotsa kale mitengo yochirikiza, ati yauma.

Tsiku lina mutu unamuwawa koopsa. Kuchipatala anapeza kuti mtsempha wa magazi wa m'mutu watupa ngati chubu cha njinga, watsala pang'ono kuphulika. Madokotala anamuika kawaya kolukana mkati mwa mtsemphawo.

"Bambo, ife tangoika waya," anatero dokotala. "Opaka pulasitala ali m'magazi mwanumo, timaselo tokonza mitsempha. Timaseloti tidzakuta wayayu pang'onopang'ono mpaka potupapo patsekeke. Mapiritsi awa osadumphitsa, apo ayi magazi aundana pawayapo. Fodya musiye, amafooketsa antchito anuwo."

Mutu utangoleka, Zatheka anaponya mapiritsi pamwamba pa kabati n'kuyatsa ndudu.

"Bambo a kunyumba, mwayambapo?" anafunsa mkazi wake.

"Iwe, waya ndimagwira ine tsiku ndi tsiku. Akalowa walowa, zatheka!"

Abale, ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Sipanapite nthawi, ali pantchito, njerwa inangopulumuka m'manja, lilime n'kulemera. Anzake anathamangira naye kuchipatala komwe anapeza kuti magazi aundana pawaya paja. Madokotala anamupulumutsa, koma padangotsala pang'ono kuti afe.

Ali gone pabedi, mkazi wake anamunong'oneza, misozi ili mbwee: "Nyumba za eni mumachotsa mitengo msanga, chabwino. Koma mutu wanuwu ndi denga la ine ndi ana. Likagwa tilowera kuti?"

Zatheka anachita manyazi, ndiponso mantha anamugwira zenizeni. Ndudu anataya yekha. Mapiritsi ankamwa mkazi asanamukumbutse, ndipo anzake akamuseka ankangoti, "Musasokoneze, anyamata ali pantchito m'mutumu."

Patapita miyezi anakamujambulanso. Dokotala anamuonetsa chithunzi: potupa paja panali patafota, magazi akuyenda bwinobwino.

"Waya yense wakutidwa, bambo. Antchito anu amaliza."

Eee, munthu wamkulu anavina m'khonde la chipatala, mkazi wake akululutira, anamwino n'kumaombera m'manja! Lero mwini nyumba akamuumiriza kuchotsa mitengo, iye amagogoda pamutu pake n'kuti, "Bwana, dikirani iume. Ine ndinaphunzirira muno."

Phunziro: Kusiya kumva ululu si kuchira. Dokotala amayamba ntchito, thupi lako ndi limene limamaliza, choncho lipatse nthawi ndipo usasiye mankhwala asanakuuze. Tumizirani a Zatheka onse a m'banja mwanu, mwina mupulumutsa denga la wina.