Tsamba Lopanda Chithunzi

Ezeliya ankaswa mtedza pakhonde, umodziumodzi, pamene malume ake, a Luckson, anagwetsera njinga pachipupa. Moni sanapereke.

"Iwe, tsamba la mpingo walitani?"

Anamulozetsa foni kumaso. A Luckson anali mkulu wa mpingo pa Nsaru, ndipo ndi iwo amene anapatsa Ezeliya ntchito yosamala tsamba la mpingo la pa intaneti atamaliza fomu folo. Tsopano tsambalo linali mbee ngati pepala. Nkhunda imene inkauluka pamwamba pa tsambalo kunalibe. Nyimbo ya kwaya imene inkayamba yokha munthu akangotsegula tsambalo kunalibe. Chithunzi chachikulu cha a Luckson, atavala suti ndi tayi yofiira, chinali chitachoka. Panangotsala mizere inayi: nthawi ya mapemphero, odwala, maliro, nambala ya abusa.

"Ukubwezera, eti? Chifukwa ndinakukalipira pamaso pa anzako mwezi watha?"

Ezeliya anaswa mtedza wina.

"Lamulungu ndikakunena kwa akulu a mpingo. Akulande tsambalo, akuike pachilango. Pofika mawa chithunzi changa chikhale chitabwerera."

Mtsikanayo sanadzutse mutu. Izi zinawapsetsa mtima kwambiri.

"Mtima wako ndi wa Nasoni. Mwala weniweni."

Nasoni anali mwana wawo. Atayambana nawo zaka ziwiri zapitazo, anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Mchinji, nasintha nambala. Mayi ake atamwalira Lachisanu lina mu Juni, panalibe wodziwa komupeza. Uthenga anaulemba patsamba la mpingo. Maliro anaikidwa Lamulungu, Nasoni osaoneka.

"Tinalemba, dziko lonse linaona," anatero a Luckson. "Anthu anachokera ku Msundwe, ku Njewa. Iye yekha ndiye sanaone? Mayi ake omubala?"

Ezeliya anaika lichero pansi, nasasa makoko pachitenje. Anawayang'ana m'maso, chinthu chomwe anali asanachitepo.

"Malume, Nasoni anandiimbira sabata yatha, akulira. Tsambalo ankalitsegula Loweruka lililonse kuti amve za kuno. Loweruka lija analitsegulanso. Koma uthenga wa maliro unkabwera pokhapokha chithunzi chanu chikamaliza kutseguka."

Anatola mtedza wina, koma sanauswe.

"Bandulo yake ya intaneti inatha chithunzicho chitafika pa tayi."