Vinyo Wosamveka Kukoma

"Andipusitsa anthu a pashopu paja," anatero Phillip akukankha kapu. "Vinyoyu ndi madzi enieni."

Sankamwa kawirikawiri. Botolo lotchipali la vinyo wofiira analigula ku Chikanga pokondwerera ntchito yatsopano yocheka matabwa ku Imbeza.

Mkazi wake Lines analawako n'kukwinya nkhope.

"Akuwawa chonchi, bambo a Chiedza, inu osamva?"

Phillip ananunkhiza botolo, koma fungo silinamveke. Anapita kukanyambita mchere, nawonso sunamveke. Apa anakumbukira zimene wailesi inkachenjeza za kolona, kuti wodwala samva fungo kapena kukoma.

Pobwerera anapeza Lines, amene mphumu imamugoneka kuchipatala chaka chilichonse, akumalizitsa vinyo wa m'kapu imene iye anamwera ija.

"Nanga titaye?" anatero Lines akumwetulira.