Ndakatulo ya Dzanja Lamanzere

"Nenani zimene mukuona, musaope munthu," anatero mphunzitsi uku akumata ndakatulo za ana pakhoma.

Zonse zinalibe mayina, kuti wina asachite manyazi. Pakati pa mapepalawo iye anali atazembetsapo yakeyake, imene anaisula mpaka mkazi wake kuiloweza mosafuna. Anaikopera ndi dzanja lamanzere kuti ana asazindikire kalembedwe kake. Kenako anakaima kumbuyo, manja m'thumba, kudikira chiyamiko ngati mwana wodikira suwiti.

Ana anafa ndi phwete powerenga ya mbuzi yodya yunifolomu. Pa ya mwana wosowa bambo ake ena anapukuta misozi. Kenako anafika pa ya mphunzitsi ija.

"Nanga iyi?" anafunsa mphunzitsi, akudziyesa wosalabadira.

"Mawu ndi akuluakulu, aphunzitsi, koma mkatimo mulibe kanthu," anatero mtsikana wokhala kutsogolo.

"Mwiniwakeyu ndi wamantha," anawonjezera mnzake. "Akungofuna kukusangalatsani inu. Taonani, ndi dzanja lomwe limanjenjemera."

Zaka zonsezi mphunzitsi wakhala akuuza ana kuti atsegule mitima, chikhalirecho wake ndi wokhoma, kiyi anataya kalekale.

"Koma musamukalipire," anatero mtsikana uja mwachifundo. "Mumuitanire pambali, mumulimbikitse ngati mmene mumachitira ndi ife. Mwina adzasintha."

Mphunzitsi anamatula pepalalo pang'onopang'ono, n'kulipinda kanayi.

"Ndiyankhula naye," anatero. "Kungoti ameneyu ndimam'dziwa, ndi wosamva."