Kathumba ka Zitumbuwa

"Filomena, ndili ndi chinsinsi," anatero Damiano ali wefuwefu, atamukokera kuseri kwa msika wa Bembeke. Zala zake zinali zitachita dzanzi n'kupindika ngati za nkhuku.

Filomena anamuyang'anitsitsa. Chaka chathunthu anali akudikira kuti mnyamatayu amufunsire. Nanga akakomoka asanalankhule?

Mwamsanga anakhuthula zitumbuwa m'kathumba ka pepala n'kumuphimba nako pakamwa.

"Pumirani umu pang'onopang'ono. Asisitere anatiphunzitsa kuchipatala kuti munthu akapuma mothamanga amataya mpweya wosunga asidi m'magazi. Asidi akachepa, zala zimauma. Ubwezereni m'chifuwa mpweyawo!"

Kathumba kanafufuma, kanaphwa, kanafufumanso. Zala zinayamba kuwongoka. Filomena anakonza duku lake n'kuyang'ana pansi, chala cha kuphazi chikulembalemba m'fumbi.

"Tsopano nenani, a Damiano. Musaope, sindikana."

"Zoona simukana?"

"Ndi pang'ono pomwe."

Damiano anasuzumira achiyufi a malaya ofiira amene ankafunsa makhadi a chipani pachipata cha msika, kenaka anamunong'oneza kukhutu:

"Khadi langa inadya mbuzi. Mungandibwereke la achimwene anu?"