Bala la Woyera

Phaa! Wojambula anamenya udzudzu umene unatera pachithunzi chake, kenako n'kukumbukira lamulo la m'bindikiro: osapha cholengedwa chilichonse, pakuti woyera amene ankamujambulayo ankatcha ngakhale nyongolotsi m'bale wake. Wophwanya lamulolo, chithunzi chake sichikapachikidwa m'tchalitchi.

Magazi a wojambulayo, amene udzudzuwo unamuyamwa, anatsala pakati penipeni pa chikhatho cha woyerayo. Asanapukute, bambo mfumu analowa.

"Abambo, ineyo ndala..."

"Chete, mwana wanga." Anavala magalasi n'kuwerama. "Bala la woyera! Mbalame zakozi zikuoneka ngati nkhuku zonyowa, nkhopeyi ngati munthu wodwala dzino, koma apa pokha pali moyo. Utoto umenewu waupeza kuti?"

"Anandibweretsera m'bale wanga."

"Mulungu amudalitse. Akadali pompano?"

"Watisiya posachedwapa, Abambo."

"Ayi, pepa kwambiri." Anaima pakhomo. "Komatu woyerayu anali ndi mabala m'manja monse muwiri. Malizitsa, ndidzaone mawa."

Wojambula anayang'ana mabulashi amene anavutika nawo kuyunivesite, nausa moyo. Kenako anatsegula zenera, anapinda mkono wa malaya, n'kukhala pansi kudikira achibale.